Funsani Achipatala: Mwana Akutsokomola, Kodi Ndimugulire Amoxil?

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kukangofika kuno ku Mzuzu, makalata ambiri amene timalandira amakhala a chifuwa cha ana, ndipo pafupifupi onse amathera pa funso limodzi: timupatse maantibayotiki kapena ayi? Tasankhapo makalata asanu. Akuyankha ndi dokotala wa ana pamodzi ndi katswiri wa zamankhwala.

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wa chaka ndi miyezi 8 watha masiku 5 akutsokomola. Mamina ake asanduka obiriwira ndipo usiku sitigona. Kuchipatala anamuyeza malungo, sanapezeke, anamumvetsera m'chifuwa, basi n'kundipatsa Panado. Aneba anga akuti anandipeputsa, ndingopita pagolosale ndikagule Amoxil. Nditani? Ndine mayi wa ku Chibavi.

YANKHO: Mayi, musagule. Koma sitikufuna kuti mungokhulupirira mawu athu, choncho tikuuzani zimene achipatala amayang'ana kuti inunso mudziyang'anire nokha madzulo ano.

Chifuwa cha ana chochuluka chimabwera ndi mavairasi, tizilombo tomwe timayambitsanso chimfine. Amoxicillin, amene ambiri timangoti Amoxil, amapha mabakiteriya powononga khungu lawo lakunja. Vairasi alibe khungu limenelo, ndiye mankhwalawa alibe pogwira. Mwana wa chimfine amene wamwa Amoxil amachira tsiku lomwelo limene akanachira asanamwe. Vuto ndi loti kholo limapereka ulemu kwa botolo, ndipo ulendo wina limathamangiranso kugolosale.

Matenda amene amafunikadi maantibayotiki ndi chibayo, chimene ena kuno amati chilaso. Chibayo chimakhala m'mapapo enieniwo: timatumba ta mpweya timadzaza madzi ndi mafinya, mwana n'kuyamba kupuma mothamanga kuti apeze mpweya wokwanira. N'chifukwa chake sitiyesa chibayo ndi kukula kwa phokoso la chifuwa. Mwana akhoza kutsokomola mpaka kudzutsa nyumba yoyandikana nayo koma mapapo ali bwinobwino, pomwe wina wongoti khosu khosu pang'ono ali pa ngozi. Chimene timawerenga ndi kupuma.

Chitani chonchi. Dikirani mwana akhale phee, osalira, osayamwa. Akagona tulo ndiye bwino kwambiri. Mukwezeni malaya kuti mimba ndi nthiti zionekere. Tcherani wotchi ya pafoni mphindi imodzi yathunthu. Mimba ikakwera n'kutsika, kumeneko n'kupuma kumodzi. Musawerenge theka la mphindi n'kuchulukitsa kawiri, chifukwa ana aang'ono amapuma modumphadumpha, pena kuthamanga pena kuima kaye, ndipo mungapeze nambala yabodza. Malire amene bungwe la WHO linaika, omwenso alangizi a zaumoyo amagwiritsa ntchito m'midzi, ndi awa: khanda losakwana miyezi 2, kupuma ka 60 kapena kuposerapo pa mphindi ndiye kuthamanga, wa miyezi 2 mpaka 11, ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, ka 40. Wanuyu ali m'gulu lomalizali. Mukapeza 32 kapena 36, mtima ukhale m'malo. Mukapeza 44, werenganinso kachiwiri, ndipo zikakhala chimodzimodzi bwererani naye kuchipatala lero lomwe. Kutentha thupi nakonso kumathamangitsa kupuma, choncho ngati thupi lili moto mupatseni Panado, muwerengenso patatha ola.

Chachiwiri, yang'anani m'munsi mwa nthiti, pamene chifuwa chimakumana ndi mimba. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya, chifuwa chonse ndi mimba zimatukuka pamodzi. Wa chibayo chokulirapo, akamakoka mpweya pamenepo pamalowa mkati ngati pakukokedwa ndi chingwe. Zikamaoneka pokhapokha akulira kapena mphuno zatsekeka, si zimenezo. Zenizenizo zimaoneka pa kupuma kulikonse ngakhale mwana ali chete.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kuwerenga chilichonse. Mwana akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse chimene walandira, akakomoka, akalefuka moti kumudzutsa kukuvuta, akamabuula pa kupuma kulikonse, akamalira pakhosi pokoka mpweya ali phee, kapena milomo ndi lilime zikayamba kuda, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Ameneyo ndi wa jakisoni ndi mpweya wa okosijeni, zinthu zimene zimapezeka pa zipatala zogoneka odwala monga Mzuzu Central kapena St John's. Kumeneko amamuika kachipangizo pachala kapena paphazi koyeza mpweya m'magazi, ndipo nambala ikatsika pansi pa 90 amamugoneka.

Za mamina obiriwira, aneba anu si okha amene amaganiza choncho. Mtundu umenewo umachokera ku asilikali a m'thupi amene akulimbana ndi matenda, ndipo umaoneka pa chimfine wamba kuyambira tsiku lachitatu kapena lachinayi. Si umboni wa mabakiteriya. Chifuwa cha chimfine nachonso sichitha msanga: kutentha thupi kumatha m'masiku atatu kapena anayi, koma kutsokomola kumatha kukhalapo sabata ziwiri, nthawi zina mpaka zitatu. Chimene chiyenera kukudzidzimutsani ndi mwana amene anayamba kupeza bwino kenako thupi n'kutenthanso, kupuma n'kusintha. Nthawi zina mabakiteriya amalowerera pamene vairasi walambula njira. Choncho yankho la Lolemba lakuti palibe chibayo silikutanthauza kuti Lachinayi musamuyang'anenso.

FUNSO: Mwana wathu wa zaka ziwiri, wolemera makilo 11, anapezeka ndi chibayo. Anatipatsa mapiritsi a amoxicillin osungunula m'madzi, awiri m'mawa awiri madzulo kwa masiku 5. Kodi si ochuluka kwa mwana? Komanso lero ndi tsiku lachitatu, akusewera, akudya, ndipo mayi ake akuti tisunge otsalawo adzathandize tsiku lina. Bambo wa ku Luwinga.

YANKHO: Bambo, anakulemberani molondola. Pa chibayo mlingo wake ndi pafupifupi 40 mg pa kilo iliyonse ya mwana, kawiri pa tsiku. Mapiritsi osungunukawo lililonse ndi 250 mg. Mwana wa makilo 4 kufika pansi pa 10 amamwa limodzi kawiri pa tsiku, wa makilo 10 kufika pansi pa 14 amamwa awiri, wa makilo 14 mpaka 19 amamwa atatu. Mlingowu unakwezedwa dala chifukwa bakiteriya amene amayambitsa chibayo kwambiri, wotchedwa pneumococcus, ena mwa iwo anayamba kulimba ndipo amagonja pokhapokha mankhwala akachuluka m'mapapo. Apa m'pamene pali kufunika kwa buku la kusikelo: mlingo umatsata kulemera, osati msinkhu wongoyerekeza ndi maso.

Taonani zimene zimachitika kholo likadzigulira lokha. Botolo la amoxicillin wamadzi lopezeka kwambiri ndi la 125 mg pa 5 ml. Mayi amathira supuni yaing'ono imodzi, kuganiza kuti wapereka mankhwala, pomwe mwana wa makilo 11 amafunika 20 ml pa ulendo umodzi, kanayi kuposa pamenepo. Botolo la 100 ml kwa mwana ameneyu limatha m'masiku awiri ndi theka. Likakhala kuti latha sabata likadali pakati, dziwani kuti mwanayo amangolawa. Mlingo wochepa chonchi sutha chibayo, umangochiziziritsa.

Kasungunulidwe kake n'kosavuta. Ikani piritsi m'kapu yoyera kapena pa supuni yaikulu, thiranipo madzi owiritsa ozizira pang'ono chabe kapena mkaka wa m'mawere, dikirani lisungunuke, mumwetse zonse nthawi yomweyo. Kenako thiraninso timadzi m'kapumo, zunguzani, mumwetsenso, chifukwa ufa wotsalira pansi ndi mankhwala omwewo. Musasungunulire m'botolo lodzaza kapena m'mbale ya phala, poti mwana akasiyira pakati simudziwa kuti wamwa ochuluka bwanji. Siyanitsani ndi maola pafupifupi 12, monga 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Akasanza pasanathe mphindi 30, bwerezani. Mukaiwala, mupatseni mukangokumbukira, koma musaphatikize milingo iwiri nthawi imodzi. Achipatala ena amagawa mlingo wa tsiku katatu m'malo mwa kawiri. Tsatani zimene zalembedwa m'buku la mwana wanu. Ngati munapatsidwa wa ufa wa m'botolo, thirani madzi owiritsa ozizira mpaka pa mzere, khutchumulani musanathire ulendo uliwonse, sungani pozizira posafika dzuwa, ndipo wotsala mutaye pakatha sabata.

Tsopano za kusunga. Ayi, amalize. Kusewera kwa tsiku lachitatu kukusonyeza kuti mankhwala akugwira, osati kuti ntchito yatha. N'zoona kuti akatswiri akhala akufufuza ngati masiku angachepetsedwe. Kafukufuku wa ana 3000 amene anachitikira pa zipatala za Kamuzu Central ndi Bwaila ku Lilongwe, wotuluka mu 2020, anapeza kuti kwa ana opanda HIV masiku atatu anagwira ntchito pafupifupi mofanana ndi masiku asanu. Koma anawo anali osankhidwa bwino ndipo ankaonedwa pafupipafupi. Mwana wonyentchera, wa HIV kapena wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilomboka ndi nkhani ina. Wochepetsa masiku akhale amene anamuyeza, osati ife kunyumba. Ndipo mapiritsi asanu ndi atatu amene mayi akufuna kusungawo sadzakwanira matenda alionse. Adzangopangitsa kuti tsiku lina muchedwe kupita kuchipatala podalira kuti m'kabati muli kanthu.

Pa tsiku lachitatu n'pabwino kumuonetsanso kwa achipatala, ndipo ngati kupuma sikunatsike, thupi likutenthabe kapena sakudya, musadikire n'komwe. Kutsegula m'mimba pang'ono kumachitika ndi amoxicillin. Mupatseni Thanzi ORS ndipo apitirize mankhwala. Koma akatuluka zidzolo zoyabwa zotukuka, milomo kapena zikope zikatupa, kapena akayamba kubanika atangomwa, siyani pomwepo muthamange naye, ndipo muonetsetse kuti alemba m'buku lake kuti mankhwala a gulu la penisilini samuyanja.

FUNSO: Ine ndalera ana asanu ndi awiri. Akatsokomola ndinkangotsegula kapisozi kapena kuswa Bactrim, onse anakula. Lero mpongozi wanga akundiletsa kupatsa mdzukulu. Kodi choopsa n'chiyani pa kapisozi mmodzi? Agogo a ku Zolozolo.

YANKHO: Agogo, ana anuwo anakula chifukwa munawasamala, ndipo chifuwa chawo chambiri chinali cha mavairasi chimene chikanatha chokha. Mpongozi wanuyo akunena zoona, ndipo zifukwa zake ndi izi.

M'matumbo, m'mphuno ndi pakhungu pa mwana mumakhala mabakiteriya osawerengeka, ambiri mwa iwo othandiza. Kapisozi akalowa sasankha: amapha ofooka, olimba n'kutsala ndi malo onse oti aswanirane. Olimbawo amapatsirana nzeru yopewera mankhwala, ndipo amayenda pakhomo kudzera m'manja, m'chimbudzi ndi m'madzi. Tsiku limene mdzukulu adzadwale zenizeni, mankhwala omwe aja amapezeka kuti sakugwira. Bactrim ndiye chitsanzo chapafupi: kale ndi amene ankaperekedwa pa chibayo cha ana m'dziko muno, koma analowedwa m'malo ndi amoxicillin, mwa zina chifukwa tizilombo tambiri tinasiya kumumva. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akuyeza magazi a odwala kuyambira 1998, ndipo pofika 2016 anapeza kuti mabakiteriya a mtundu wa Klebsiella pafupifupi 90 pa 100 alionse sankamvanso ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira munthu akadwala kwambiri. Tizilombo timeneti timakonda kugwira makanda ogonekedwa m'chipatala, ndipo mankhwala otsatira pamenepo ndi odula komanso sapezeka paliponse.

Palinso zoopsa za lero lomwe. Si kapisozi aliyense amene ali amoxicillin. Ena ndi tetracycline kapena doxycycline, amene sitipatsa ana osakwana zaka 8 mwachisawawa chifukwa gulu limeneli likhoza kudetsa mano amene akukula. Bactrim mwa ana ena amayambitsa zilonda zoopsa za pakhungu ndi m'kamwa. Mankhwala oyalidwa pamsika atha miyezi akuwombedwa ndi dzuwa, ena anatha mphamvu kalekale, ena ndi achinyengo. Malamulo amene bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA limayang'anira salola kuti maantibayotiki azigulitsidwa ngati machesi. Ndipo choopsa kuposa zonse ndi kuchedwa. Malungo nawonso amatenthetsa thupi ndi kuthamangitsa kupuma, makamaka mwana akachokera kunyanja monga ku Nkhata Bay. Masiku awiri amene mukudikira kuti kapisozi agwire, malungo akhala akudya magazi, pomwe kuyeza pachala kumangotenga mphindi 15 kapena 20 ndipo LA alipo.

Chimodzi chokha tisasokoneze. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amapatsidwa Bactrim wa tsiku ndi tsiku kuyambira masabata 6. Ameneyo ndi woteteza ku mtundu wina wa chibayo choopsa, ndipo asasiyidwe mpaka achipatala atanena.

FUNSO: Khanda langa lili ndi masabata 5. Likutsokomola pang'ono ndipo lero likuyamwa mwaulesi. Thupi silikutentha. Ndidikire? Mayi wa ku Mchengautuwa.

YANKHO: Musadikire, mayi, ndipo musalipatse mankhwala alionse kunyumba. Khanda losakwana miyezi 2 likhoza kudwala kwambiri thupi osatentha, mwinanso kuzizira kufika pansi pa madigiri 35.5. Kuyamwa mwaulesi pa msinkhu umenewu n'chizindikiro chokwanira. Liikeni pachifuwa panu khungu kwa khungu, lifunditseni, pitirizani kuyesa kuyamwitsa m'njira, ndipo mukafika auzeni a pakhomo msinkhu wake kuti musaime pamzere.

FUNSO: Chabwino, tamva kuti tisamagule maantibayotiki. Nanga mwana akamatsokomola usiku wonse tingomuyang'ana? Wanga wa zaka zitatu chifuwa chimabwera mwezi ndi mwezi, ndipo m'chifuwa mumalira ngati mluzu. Amoxil wamwa kanayi chaka chino. Bambo wa ku Masasa.

YANKHO: Bambo, mwana amene wamwa Amoxil kanayi chifuwa n'kumabwerabe akutiuza kuti vuto lake si la Amoxil. Kulira ngati mluzu potulutsa mpweya, kutsokomola kwa usiku ndi mbandakucha, kuyambika kukazizira kapena akathamanga, zonsezi zimaloza ku mphumu kapena njira za mpweya zimene zimafinyika akagwidwa chimfine. Mwana wotere amapumanso mothamanga, n'chifukwa chake amangolembedwa chibayo ulendo uliwonse. Achipatala amasiyanitsa pomupopera salbutamol kudzera m'kabotolo kothandiza mwana kukoka mankhwala, mpaka katatu motalikitsa mphindi 15 kapena 20, kenako n'kuwerenganso kupuma. Kukatsika, sichinali chibayo. Kafotokozeni mbiri yonseyi ndipo mutenge buku lake kuti aone maulendo anayiwo pamodzi. Ngati chifuwa chapitirira masiku 14 osadukiza, mwana akuwonda, kapena pakhomo pali wamkulu wotsokomola nthawi yaitali, apimidwenso chifuwa chachikulu ndi HIV. TB ya ana imabisala kwambiri kuseri kwa maantibayotiki obwerezabwereza.

Tinenenso chilungamo: ngakhale kuwerenga kupuma sikugwira chibayo cha mabakiteriya chokhachokha. Pa kafukufuku wina wa ku Lilongwe komweko, ana opanda HIV opuma mothamanga chabe anagawidwa pawiri. Mwa omwe anamwa amoxicillin, 4 pa 100 sanachire bwino. Mwa omwe anamwa mankhwala opanda mphamvu, anali 7 pa 100. Ndiye kuti ambiri akanachira okha, koma kusiyana kwa atatuwo ndi ana a anthu, ndipo palibe angawaloze pasadakhale. N'chifukwa chake wopuma mothamanga timamupatsa, pomwe wongotsokomola kupuma kuli bwino sitimupatsa.

Kunyumba ntchito ilipo yambiri. Woyamwa ayamwe pafupipafupi, wamkulu amwe madzi ofunda ndi phala lamadzimadzi pang'onopang'ono. Mwana wopitirira chaka mupatseni theka la supuni yaing'ono ya uchi kapena yodzaza asanagone, zimafewetsa pakhosi; wosakwana chaka asalawe uchi chifukwa ukhoza kukhala ndi tizilombo tofoola thupi la khanda. Mphuno zikatsekeka, sungunulani mchere wosakwana theka la supuni yaing'ono m'kapu ya 250 ml ya madzi owiritsa ozizira, donthezani madontho awiri mphuno iliyonse asanayamwe kapena kugona, mupukute ndi kansalu kofewa. Pangani atsopano tsiku lililonse. Panado ndi wa kutentha thupi ndi kuphwanya, 10 mpaka 15 mg pa kilo, maola 6 alionse, osapitirira kanayi pa tsiku. Kwa mwana wa makilo 10 ndiye gawo limodzi la piritsi la akulu la 500 mg mukaligawa panayi. Aspirin ayi. Mankhwala amadzi oletsa chifuwa sitiwalimbikitsa kwa ana aang'ono: phindu lake silioneka, ena amagonetsa mwana moti simungadziwe ngati walefuka ndi matenda, ndipo mu 2022 ku Gambia ana oposa 60 anamwalira impso zitawonongeka atamwa mankhwala otere amene anali ndi poizoni.

Zinthu ziwiri za kuno kwathu tizitchule. Choyamba ndi mbaula. Usiku wa Julayi anthu amailowetsa kuchipinda n'kutseka mawindo ndi zitseko. Utsi wa makala ndi nkhuni umapsereza njira za mpweya za mwana, ndipo makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Otherani panja kapena pakhonde, mbaula itsale komweko, mwana mumuveke chipewa ndi masokosi. Osuta fodya nawonso asutire kutali. Chachiwiri ndi kufunditsa mwana bulangete pamwamba pa mphika wa madzi owira a masamba a bulugamu. Nthunzi siifika kumene kuli matenda, pomwe mphika ukagubuduka mwana amapsa pamimba ndi m'miyendo, zilonda zotenga miyezi. Kutema mphini pachifuwa nakonso kumangotsegulira tizilombo khomo.

Pomaliza tsegulani buku lake la kusikelo muone ngati katemera anakwana. Wa pneumococcus, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu Novembala 2011, amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14 pamodzi ndi uja wophatikiza matenda asanu, momwe muli woteteza ku chifuwa chokoka mtima ndi bakiteriya wa Hib. Wa chikuku ndi pa miyezi 9 ndi 15. Ngati pali mpata umene sunasainidwe, pitani nalo bukulo kusikelo ya kufupi ndi kwanu akaone zimene angamubayebe pa msinkhu wakewu.